Mfuti ya bolt-action yosakira: yolasa ndi iti, yolimba ndi iti?

Wowerenga wina walemba kuti: "Ndakhala ndikusaka ndi mfuti yobwereka kwa zaka zingapo, ndipo tsopano ndapeza chilolezo choti ndigule yangayanga. Ndikufuna ya bolt-action, ya zipolopolo za .308 Winchester, yosakira nyama za msinkhu wa mbawala pa mtunda wosapitirira mamita 250. Maso anga ali pa Tikka T3x, Remington 700, Savage 110 ndi Winchester Model 70, koma wogulitsa aliyense akuti yakeyo imalasa pansi pa MOA imodzi. Kodi mwa zinayizi yolasa kwambiri ndi iti, nanga yopangidwa molimba ndi iti?"

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu, lomwe m'kati mwake muli mafunso awiri osiyana. Kwa amene sakuidziwa, mfuti ya bolt-action ndi ija imene mlenje amakoka ndi kukankha ndi dzanja chitsulo chotchedwa bolt kuti atulutse chigoba n'kulowetsa chipolopolo china. Pa nkhani ya kulasa, mfuti zinayi mwatchulazi zayandikana kwambiri masiku ano, moti kawirikawiri mfuti ziwiri za dzina limodzi, zotuluka m'fakitale imodzi, zimasiyana kuposa mmene Tikka yabwino imasiyanirana ndi Savage yabwino. Kusiyana kwenikweni kuli pa kapangidwe, ndipo kumeneku munthu amakumva m'manja tsiku lililonse limene wanyamula mfutiyo. Choncho ndikulangizani kuti musankhe potengera kapangidwe, koma kuti malangizowa amveke ndiyambe ndamasula kaye lonjezo la ogulitsa aja.

MOA ndi muyeso wa kupatuka kwa zipolopolo. Digiri imodzi mukaigawa m'magawo 60, gawo limodzi ndiye MOA imodzi, ndipo pa mtunda wa mayadi 100 imakwana inchi 1.047, pa mamita 100 masentimita pafupifupi 2.9, pomwe pa mamita 250 imapitirira pang'ono masentimita 7. Mfuti imatchedwa ya MOA imodzi ngati mabowo awiri otalikirana kwambiri pa chandamale, kuyeza kuchokera pakati pa lina kufika pakati pa linzake, sanapitirire muyeso umenewu. Tsono malo a mtima ndi mapapo a mbawala yaikulu bwino ndi otambalala masentimita pafupifupi 20. Ngakhale mfuti yolasa MOA imodzi ndi theka, yomwe ogulitsa angainyoze, imaika zipolopolo zake m'kati mwa masentimita 11 pa mtunda wanu wa mamita 250. Nyama ikathawa pa mtunda umenewu, cholakwa chimakhala mphepo, kupuma kwa mlenje, chala chake kapena kuyerekeza mtunda molakwika, osati theka la MOA limene munasiya m'sitolo.

Lonjezo lenilenilo liyenera kuwerengedwa mpaka kumapeto, chifukwa chinsinsi chake chili pa chiwerengero cha zipolopolo. Tikka imalonjeza MOA imodzi pa zipolopolo zitatu, Weatherby imalonjeza chimodzimodzi pa Vanguard yake, pomwe Sako, yomwe imapanganso Tikka, imalonjeza pa zipolopolo zisanu pa mfuti za dzina lakelo. Zipolopolo zitatu n'zochepa kwambiri kuti zinene zoona za mfuti. Masamu a kamwazikidwe ka zipolopolo amasonyeza kuti, mfuti ikhale yomweyo ndi wowombera yemweyo, gulu la mabowo asanu limakula ndi pafupifupi kota kuposa la mabowo atatu, ndipo la mabowo khumi limaposa la atatu ndi theka n'kupitirirako. Mfuti imene imakonda kupereka masentimita 2.5 pa zipolopolo zitatu idzapereka pafupifupi masentimita 4 pa zipolopolo khumi, popanda china chilichonse chosintha. N'chifukwa chake kapepala ka mabowo atatu okhudzana, kamene alenje amakonda kukasunga m'thumba n'kumaonetsa anzawo, sikandisuntha mtima, poti mapepala ena a tsiku lomwelo anatayidwa. Sindikunena kuti makampaniwa amanama. Amanena zoona, koma zoona zake n'zazing'ono kuposa mmene zimamvekera.

Kwa mlenje, muyeso wofunika ndi wina. Nyama imawomberedwa ndi chipolopolo choyamba, chotuluka mumpope wozizira, mfuti itayenda m'galimoto, itagundidwa m'mitengo, mwinanso itanyowa ndi mame kapena mvula. Funso loyenera n'lakuti, kodi chipolopolo choyamba cha lero chigwa pamene chinagwa choyamba cha mwezi watha? Mfuti imene imaika zipolopolo zitatu pamodzi, koma gulu lonselo n'kumasuntha masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi nyengo ikasintha, ndi yoipa kwa mlenje kuposa imene imamwaza pang'ono koma pakati pake sipasuntha chaka chonse. Apa m'pamene kulasa ndi kulimba zimakumanirana, chifukwa chimene chimasunga pakati pa gululo ndi kapangidwe.

Tiyambe ndi mpope. M'kati mwake muli timizere tozungulira tomwe timazunguza chipolopolo kuti chisagubuduke m'mlengalenga, ndipo timizereti timapangidwa m'njira zitatu. Ena amadula kamzere kamodzikamodzi ndi mpeni wa makina, njira yochedwa imene amisiri a mipope ya mpikisano amaikonda. Ena amakankha kapena kukoka kachitsulo kolimba kwambiri mumpope kuti kadinde timizereto nthawi imodzi, monga amachitira a Savage ndi a Bergara. Ena amalowetsa chikombole mumpope n'kuusula ndi nyundo za makina kuchokera kunja uli wozizira, ndipo umu ndi mmene Sako ndi Tikka zimapangira mipope yawo ku Riihimäki, m'dziko la Finland. Anthu amakangana kwambiri za njira zimenezi, koma iliyonse imatulutsa mpope wabwino ikachitidwa mosamala, ndipo sindingasankhe mfuti yosakira chifukwa cha zimenezi. Chimene ndimayang'ana ndi kukamwa kwa mpope, pamene chipolopolo chimasiyanirana ndi chitsulo. Pamenepa pakakhala kabala ngakhale kakang'ono, mpweya wa wonga umatulukira mbali imodzi n'kukankha tako la chipolopolo, ndipo mfuti yabwinobwino imayamba kumwaza. Pa mfuti yogula kwa munthu, yang'anani pamenepa ndi galasi lokulitsa musanayang'ane kwina kulikonse.

Dziwaninso kuti mpope woonda wa mfuti yosakira umatentha msanga, ndipo ukatentha mabowo amayamba kukwera kapena kuyenda cham'mbali kuyambira pa chipolopolo chachinayi kapena chachisanu. Limeneli si vuto la mfutiyo, koma ndi mtengo wa kupepuka kwake. Za kazunguliridwe ka timizere musade nazo nkhawa, chifukwa mfuti za .308 zimabwera ndi timizere tozungulira kamodzi pa mainchi 10, 11 kapena 12, ndipo zonsezi zimayendetsa bwino zipolopolo wamba za magireni (muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) 150 mpaka 165 zomwe mudzasakira mbawala. Chodabwitsa n'chakuti mpope uliwonse uli ndi zipolopolo zimene umazikonda. Umanjenjemera ngati ndodo yachitsulo chipolopolo chikamadutsa, ndipo mtundu wina wa zipolopolo umatuluka pa nthawi yabwino ya kunjenjemerako pamene wina umatuluka pa nthawi yoipa. Kusintha bokosi la zipolopolo kumasintha kukula kwa gulu kuposa kusintha dzina la mfuti.

Mbali imene ndikufuna mukhalepo nthawi yaitali ndi stock, mtengo kapena pulasitiki imene zitsulo zonse zimagonamo. Mfuti ikalira, zitsulo zimakankhira kumbuyo ndi mphamvu yaikulu, ndipo pansi pake pali dzino lachitsulo lomwe limapatsira mphamvuyo ku stock. Zitsulo zikamabwerera pamalo amodzimodzi pambuyo pa kulira kulikonse, mfuti imalasa, koma zikamagwedera ngakhale pang'ono pokha, imamwaza. Mpope nawo uyenera kulendewera osakhudza stock kuchokera pamene walumikizana ndi action, chitsulo chimene bolt imayendamo, mpaka kumapeto. Ndinaphunzira zimenezi movutika pa mfuti ina yotsika mtengo imene ndinali nayo kale. Pa tebulo, itagona pa thumba la mchenga chapafupi ndi magazini, mosungira zipolopolo muja, inkalasa mokondweretsa. Tsiku lina ndinaitsamiritsa pa ndodo chakutsogolo kwenikweni kwa stock, lamba ndamukoka mwamphamvu ndi dzanja lamanzere, ndipo chipolopolo chinadutsa pamwamba pa msana wa nyama yomwe inaima chiimire pa mamita osakwana 150. Nditabwerera kunyumba ndinatenga kapepala n'kukalowetsa pansi pa mpope. Mfuti ili m'manja kapepalako kanayenda bwinobwino mpaka ku action, koma nditaitsamiritsa mmene ndinachitira kuthengo kanakanirira pa sentimita yachiwiri yokha, chifukwa pulasitikiyo inkapindika n'kukankha mpope kuchokera pansi. Ndinapala ngalande ya mpopeyo kuti itakasuke, n'kudzaza mphako za m'kati mwa pulasitikiyo ndi guluu wolimba wa epoxy kuti iume, ndipo vutolo silinabwerenso.

Kuyesa kumeneku mungakuchite m'sitolo momwemo. Mukatsimikiza kuti mfutiyo mulibe chipolopolo, finyani mpope ndi nsonga ya stock pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Zikakhudzana mosavuta, dziwani kuti ndodo kapena miyendo yotsamiritsira idzachita zomwezo kuthengo. Stock ya mtengo wa walnut ndi yokongola ndipo ndi youma bwino, koma imamwa chinyezi n'kupindika ngati m'kati mwake sanamatemo bwino. Ya matabwa opyapyala omatidwa pamodzi siisuntha koma imalemera. Ya pulasitiki yothiridwa m'chikombole siiopa mvula, koma yotsika mtengo imakhala yofewa monga ndafotokozera. Yabwino koposa ndi ya fiberglass kapena carbon fibre, yokhala ndi timipope ta aluminiyamu momwe masikuluwu awiri aakulu amadutsa, kuti mukawamanga asaphwanye stock n'kumasuka okha. Masikuluwu amenewa amangidwe ndi mphamvu imene kampani inalemba, ndipo mfuti ikayamba kumwaza mwadzidzidzi, yang'anani iwowa ndi masikuluwu a scope, galasi lolunjikira lija, musanayambe kunena mpope.

Trigger, kachitsulo kamene chala chimakoka kuti mfuti ilire, siisintha kulasa kwa mfuti, koma imasintha kulasa kwa munthu. Yabwino yosakira imaduka mwadzidzidzi ngati kamtengo kouma, pa kulemera kwa pakati pa kilogalamu imodzi ndi imodzi ndi theka, popanda kukwekwesa kapena kuyenda chala chisanaidule. Yolemera makilogalamu awiri ndi theka imachititsa kuti mukoke mfuti yonse pamodzi ndi chala, ndipo yopepuka kwambiri ndi yoopsa manja akazizira kapena mukavala magolovesi.

Tsopano tione mfuti zanu zija. Remington 700 inatuluka mu 1962, ndipo amene anatsogolera kapangidwe kake ndi Mike Walker. Action yake ndi yobulungira ngati paipi, yosavuta kusema molondola ndiponso yosavuta kugoneka bwino mu stock, ndipo dzino lolandira mphamvu lija ndi kachitsulo kapadera kopanikizidwa pakati pa mpope ndi action. Kuphweka kumeneku n'kumene kunaipatsa mbiri ya kulasa, moti asilikali a ku America anamangirapo mfuti zawo za M40 ndi M24. Ubwino wake waukulu lero ndi wakuti palibe mfuti ina imene ili ndi zida zosinthira zambiri ngati iyi. Stock, trigger, magazini ndi zomangira scope zopangidwira 700 n'zosawerengeka, ndipo makampani ena, monga Bergara ya ku Spain pa B-14 yake, amatsatira miyeso ya 700 mwadala kuti zambiri mwa zida zimenezi zikwane. Zofooka zake zilipo. Kachikhadabo kotulutsira chigoba ndi kachitsulo kakang'ono kobisika m'mphuno ya bolt, chogwirira cha bolt n'chochita kuwotcherera, ndipo safety yake, kachitsulo koletsa mfuti kulira mwangozi, siitseka bolt, moti nthambi ikhoza kuitukula mfuti ili kumsana. Kampaniyi inagwa mu 2020 n'kugulitsidwa zigawozigawo, ndipo mfuti za 700 zapangidwa pansi pa eni osiyanasiyana, choncho iliyonse iweruzidwe payokha. Mukagula yakale, kumbukirani kuti mu 2014 kampaniyo inaitanitsa mfuti zokhala ndi trigger ya X-Mark Pro zopangidwa pakati pa 2006 ndi 2014 kuti zikakonzedwe, ndipo muyenera kutsimikiza kuti yanuyo inakonzedwa.

Savage 110 ndi yakale kuposa 700, poti inatuluka mu 1958, ndipo ndi mfuti yosasangalatsa m'maso koma yanzeru. Mpope wake umamangidwa ndi nati yaikulu yoonekera kunja, ndipo pomanga amaupotokola mpaka danga la pakati pa bolt ndi tako la chipolopolo likwane ndendende, kenako n'kukhwimitsa natiyo. Mutu wa bolt ndi kachidutswa kapadera komwe kamagwedera pang'ono, kotero kuti mano ake awiri amakhazikika mofanana okha, chinthu chimene pa mfuti zina mmisiri amachita kupala ndi manja. Njira ziwirizi zimapatsa kulasa kwabwino popanda makina okwera mtengo, ndipo n'chifukwa chake ma Savage ambiri amalasa kuposa mmene amaonekera. AccuTrigger yake, ija ili ndi kalilime pakati, imatheka kuipepuza popanda kuika moyo pachiswe, ndipo safety yake ili pamwamba kumbuyo kwa bolt, ya malo atatu, yabwino kwa wamanzere ndi wamanja yemwe. Koma bolt yake ndi yolemera poitukula ndiponso siyenda mosalala ngati ya zinzake, ndipo mitundu yotsika mtengo imabwera ndi stock yofewa ija. Mukafuna Savage, funani yokhala ndi AccuStock, yomwe ili ndi msana wa aluminiyamu m'kati.

Tikka T3x inatuluka mu 2016 kulowa m'malo mwa T3, ndipo inakonza zinthu zimene alenje ankadandaula nazo: dzino lolandira mphamvu, lomwe linali la aluminiyamu, linakhala lachitsulo cholimba, ndipo chivundikiro cha kumbuyo kwa bolt, chomwe chinali cha pulasitiki, chinakhala chachitsulo. Mukatsegula bolt ya Tikka n'kuimika mfuti, imatsetsereka yokha. Imatukuka madigiri pafupifupi 70 m'malo mwa 90, kotero chala sichigunda scope. Trigger yake imasinthika pakati pa kilogalamu imodzi ndi ziwiri pongopotokola sikuluwu imodzi, ndipo kwa ine ndi yabwino koposa mwa zinayizi monga imatulukira m'bokosi. Magazini yake ndi yapulasitiki, ndipo zipolopolo zimasanjana mzere umodzi, chomwe chimachititsa kuti zilowe m'chipinda cha kumbuyo kwa mpope mosakodwa, ngakhale kuti zimalowamo zochepa ndipo magazini yotayika siipezeka motchipa. Pali zinthu ziwiri zimene zimandinyinyiritsa. Action yake ndi ya utali umodzi pa zipolopolo zonse, choncho pa .308, chomwe ndi chipolopolo chachifupi, mumanyamula chitsulo chotalika kuposa chofunika. Chachiwiri, safety yake ndi ya malo awiri ndipo imatseka bolt, kutanthauza kuti pochotsa chipolopolo m'chipinda muyenera kuyamba mwachotsa safety. Komabe, mwa mfuti khumi za Tikka zimene munthu angatole mwachisawawa, ndimayembekezera kuti zonse khumi zikhale zofanana, ndipo kufanana kumeneku ndi kumene mukulipira.

Winchester Model 70 ndi ya banja lina, ndipo kuti muimvetse muyenera kubwerera ku Mauser 98, mfuti ya asilikali a ku Germany imene Paul Mauser anamaliza mu 1898. Pambali pa bolt ya Mauser pali chikhadabo chachitali komanso chachikulu chomwe chimagwira mkombero wa chipolopolo chikangotuluka m'magazini, n'kuchisunga mpaka chalowa m'chipinda, ndiponso mpaka chigoba chake chatayidwa. Model 70 inatuluka mu 1936 ndi chikhadabo chomwecho. Mu 1964 kampani inachichotsa pofuna kuchepetsa ndalama zopangira, alenje anakwiya, ndipo mpaka lero mfuti zopangidwa 1964 isanafike zimafunidwa mwapadera. Chikhadabocho chinabwerera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Fakitale yakale ya ku New Haven inatsekedwa mu 2006, ndipo ma Model 70 amakono amapangidwa pansi pa gulu la FN Herstal la ku Belgium, n'kumalumikizidwa ku Portugal. Zina zitatu zija zimangokankha chipolopolo patsogolo pa bolt, ndipo kachikhadabo kawo kamachigwira pokhapokha bolt ikatsekedwa. Kusiyanaku kumaoneka munthu akachita mantha. Akakankha bolt theka la njira, n'kuibweza, n'kukankhanso, mfuti yongokankha imasiya chipolopolo choyamba panjira n'kutola chachiwiri, ziwirizo n'kupanikizana, pomwe ya chikhadabo imataya choyambacho n'kulowetsa chachiwiri bwinobwino. Kwa munthu amene akutsata njati yovulala, nkhani imeneyi ndi ya moyo ndi imfa. Kwa inu osaka mbawala ndi yaing'ono, ndipo musalole wina akuuzeni kuti mfuti yongokankha ndi yosadalirika.

Pa kulimba kwenikweni, Model 70 ndi imene ndimaipatsa ulemu. Action yake ndi yaphwatalala kunsi ndipo dzino lolandira mphamvu ndi thupi limodzi ndi action, osati lochita kuikapo. Chitseko cha pansi pa magazini n'chachitsulo ndipo n'chomangirira, kotero palibe magazini yoti igwe m'tchire. Safety yake, yomwe ili pa bolt penipenipo, ili ndi malo atatu: kumbuyo imatseka zonse, kutsogolo mfuti imalira, ndipo pakati imagwira msomali womenya chipolopolo koma n'kulola bolt kuyenda, moti mumachotsa zipolopolo mfuti ili yotetezeka. Pamalo apakati pomwepa mumathanso kumasula bolt yonse ndi manja okha, popanda chida, n'kupukuta fumbi kapena mafuta oundana. Mtengo wa zonsezi ndi kulemera pang'ono, ndalama zochulukirapo, ndi bolt yotukuka madigiri 90 imene imafuna kuti scope ikhale m'mwamba pang'ono.

Ndisanatseke mndandanda wanu, ndikuonjezereni dzina limodzi limene simunatchule. Howa 1500 ya ku Japan, yomwe ndi yomweyo imene Weatherby imagulitsa m'dzina la Vanguard itasinthidwa pang'ono, ili ndi action yaphwatalala yokhala ndi dzino la thupi limodzi, bolt yosulidwa pamodzi ndi chogwirira chake, ndi mpope wosulidwa ndi nyundo. Imalemera, ndipo stock yake yotsika mtengo ndi yofewa, koma zitsulo zake n'zabwino kuposa mtengo wake.

Za mtundu wa chitsulo ndinene mwachidule. Chakuda wamba chimafuna mafuta nthawi zonse, apo ayi chimachita dzimbiri usiku umodzi wokha mukachisiya m'thumba lonyowa. Cha stainless chimapirira chinyezi, koma si kuti sichichita dzimbiri, ndipo timasipuling'i ndi tizitsulo ta m'kati mwa trigger kawirikawiri timakhala ta chitsulo wamba. Utoto wolimba wa Cerakote umateteza kunja kokha. Pa kulasa palibe kusiyana koti mlenje n'kukuona. Kulemera ndiye kuli ndi nkhani, chifukwa mfuti ya makilogalamu atatu, monga T3x Lite yopanda scope, imakoma poinyamula tsiku lonse koma imagunda phewa kwambiri ndipo imagwedera mukamalunjika mutaimirira. Mfuti ya .308 imene ikukwana makilogalamu anayi pamodzi ndi scope, lamba ndi zipolopolo ndi imene anthu ambiri amawombera nayo bwino.

Mwafunsa mwachindunji, ndipo ndiyankha mwachindunji. Ngati mukufuna mfuti yoti muitulutse m'bokosi, muikepo scope n'kupita kuthengo osasinthapo kanthu, tengani Tikka T3x, chifukwa mwayi woti mupeze yolasa bwino ndi waukulu ndipo trigger ndi bolt zake sizifuna mmisiri. Ngati mtima wanu uli pa chitsulo ndi mtengo, pa mfuti imene mudzasiyire ana anu, kapena ngati mukuganiza zodzasaka nyama zoopsa m'tsogolo ndipo mukufuna manja anu azolowere kachitidwe kake, Model 70 ndiyo yopangidwa molimba koposa mwa zinayizi. Savage 110 ndi ya munthu amene akufuna kulasa kwambiri pa ndalama zochepa ndipo maonekedwe alibe nawo ntchito. Remington 700 ndimailangiza kwa amene akudziwa kale kuti adzasintha stock ndi trigger pang'onopang'ono, osati kwa amene akufuna kugula kamodzi n'kupuma. Mulimonsemo, musathere ndalama zonse pa mfuti n'kuikapo scope ndi zomangira zachabechabe, chifukwa mfuti zambiri zimene zimabwera kwa ine ndi dandaulo la kumwaza, vuto lake limapezeka pamwamba pa action, osati m'kati mwake.

Musanalipire, inyamuleni mutavala chovala chimene mumasakira, tsinzinani, ikwezeni paphewa, kenako tsegulani maso. Diso lanu lipezeke lili kale pakati pa scope, tsaya litakhazikika pa stock, popanda kutukula kapena kupinda khosi. Yendetsani bolt mfuti ili paphewa pomwepo, mwamphamvu monga mungachitire nyama ikamathawa, ndipo ngati wogulitsa ali ndi zipolopolo zabodza zoyesera, zilowetseni zonse kuchokera m'magazini kuti muone ngati chomaliza chikulowa bwino ngati choyamba. Mukaigula, pezani mitundu itatu kapena inayi ya zipolopolo zosakira, ndipo mtundu uliwonse muwombere zisanu pa mamita 100, kawiri, mukudikira mphindi zingapo pakati pa kuwombera kulikonse kuti mpope uzizire, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtundu umene wapambana mugule mabokosi angapo a nambala imodzi ya fakitale, chifukwa ngakhale zipolopolo za dzina limodzi zimasiyana pang'ono zikapangidwa nthawi zosiyana.

Kenako sungani chandamale chimodzi choyera. Ulendo uliwonse mukapita koyeserera, chipolopolo choyamba cha tsikulo, cha mpope wozizira, chiwombereni pa pepala limenelo, n'kulemba tsiku pambali pa bowo lake. Masiku ena muwombere mutagona, ena mutatsamiritsa pa ndodo monga mudzachitire kuthengo, ndipo kamodzi kapena kawiri muwombere mpope mutangoutsuka kumene, chifukwa mfuti zina zimaponya chipolopolo choyamba pambali mumpope mukakhala mafuta. Pakatha maulendo khumi yezani mabowowo. Akakhala m'kati mwa masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi pa mamita 100, mutha kupita nayo pa mamita 250 anu aja. Akamwazikana kuposa pamenepo, yambani ndi masikuluwu a scope, kenako awiri a pansi pa action, kenako kapepala pansi pa mpope.